Midzi yakale ya m'mbali mwa mitsinje ku France: mafunso ndi mayankho

Dzina la France likatchulidwa, ambiri maganizo amathamangira ku Paris. Koma amene anafikako kumidzi ya m'mphepete mwa mitsinje ya Dordogne, Vézère ndi Lot amabwerako ndi nkhani zina. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu ofuna kukaona malowa amafunsa mobwerezabwereza. Tatsamira kwambiri ku Dordogne, chifukwa n'kumene midzi yotereyi yaunjikana.

Kodi midzi imeneyi ili mbali iti ya France?

Yotchuka kwambiri ili kummwera chakumadzulo, m'dera lotchedwa Périgord. Mtsinje wa Dordogne umayambira kuphiri la Puy de Sancy, pakati pa dzikolo, n'kuyenda makilomita oposa 480 mpaka kukakumana ndi mtsinje wa Garonne kumpoto kwa mzinda wa Bordeaux. Chapakati pa ulendo wakewo, pafupi ndi tawuni ya Sarlat, pali midzi inayi yoyandikana moti munthu ataima pamalo okwera amaona ingapo nthawi imodzi: La Roque-Gageac, Beynac, Castelnaud ndi Domme. Kumunsi kwake kuli Limeuil, pamene Vézère amathira mu Dordogne.

Mukalowera kummwera mumapeza mtsinje wa Lot, kumene kuli Saint-Cirq-Lapopie. Ilinso ina kumitsinje ya Loire ndi Seine, ndipo taifotokoza pafunso la amene ali ku Paris.

Pachipata cha mudzi pamakhala chikwangwani chakuti "Les Plus Beaux Villages de France". N'chiyani chimenechi?

Mawuwo akutanthauza "midzi yokongola koposa ya ku France". Ndi bungwe limene linayamba mu 1982, ndipo analiyambitsa ndi Charles Ceyrac, yemwe anali meya wa mudzi wa Collonges-la-Rouge. Nthawi imeneyo midzi yambiri inkasanduka mabwinja, achinyamata atasamukira kumatawuni, ndiye cholinga chinali kukopa alendo kuti midziyo ipezenso moyo. Kuti mudzi ulowe m'bungweli uyenera kukhala ndi anthu osapitirira 2,000 komanso malo kapena nyumba ziwiri zotetezedwa ndi boma. Ukalephera kusamala maonekedwe ake, chikwangwanicho amaulanda. Pano midzi yake ndi yoposa 170.

Chikwangwanichi n'chodalirika, koma dziwani kuti chimaitananso khamu. Mudzi wina woyandikana nawo wopanda chikwangwani umatha kukhala wokongola chimodzimodzi, khofi wake n'kukhala wotchipirako.

N'chifukwa chiyani anthu anamanga midzi pamatherezi chonchi, chigwa chili pomwepo?

Zifukwa ndi ziwiri, ndipo zonse zikuchokera kumtsinje. Choyamba ndi malonda. Misewu isanakhale yabwino, mtsinje ndiwo unali njira yaikulu ya katundu, choncho amene anali ndi linga loyang'ana pamadzi ankalipiritsa msonkho bwato lililonse lodutsa. Anthu wamba ankamanga nyumba zawo pansi pa lingalo kuti zinthu zikathina azithawiramo. Chigwa ankachisiyira minda, komanso madzi amasefukiramo nyengo yozizira.

Chachiwiri ndi nkhondo. Mu 1152 Eleanor, yemwe ankalamulira dera la Aquitaine kummwera chakumadzulo kwa France, anakwatiwa ndi Henry Plantagenet, yemwe patangopita zaka ziwiri anakhala mfumu ya England. Dera lalikulu la kummwera chakumadzulo kwa France linalowa m'manja mwa mafumu a ku England chifukwa cha ukwati umenewu, ndipo kulimbirana dziko kunakula mpaka kubala nkhondo imene inayamba mu 1337 n'kudzatha mu 1453. Kwa nthawi yaitali Dordogne anali ngati malire a mbali ziwirizo. Nkhondo yomaliza inamenyedwera ku Castillon, m'mbali mwa mtsinje womwewu, ndipo Angelezi anagonja. Munthu akadziwa zimenezi, nyumba zopanikizana ndi tinjira tokhotakhota timayamba kumveka: sanamange choncho pofuna kukongoletsa malo.

Nthawi yabwino yopitako ndi iti?

Meyi, Juni ndi Seputembala. Kunja kumafunda bwino, dzuwa limalowa mochedwa, ndipo malo onse amakhala otsegula. Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ya tchuthi cha Afalansa eniake, makamaka kuyambira pa 14 Julayi mpaka chapakati pa Ogasiti. Msewu umodzi wodutsa m'munsi mwa La Roque-Gageac ndi Beynac umadzaza, pooimika galimoto pamasowa, ndipo kutentha kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri. Ngati mulibe nthawi ina, fikani m'mudzi 9 koloko isanakwane kapena cha m'ma 6 madzulo, mabasi a alendo atabwerera.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi mabwato onyamula alendo amaima, malesitanti ambiri amatseka, ndipo midzi ina imangoti zii. Ubwino wa nyengoyi ndi umodzi wokha, onani pafunso la chakudya.

Munthu amafikako bwanji, nanga pakufunika viza?

Wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa amafunika viza ya Schengen (gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo France ali momwemo), imene imalola kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Amene mukukhala ku Britain ndi pasipoti ya kwanu, chilolezo chanu chokhalira kumeneko sichilowa m'malo mwa viza imeneyi, chifukwa Britain sali mu Schengen. Ambiri amapusitsika pamenepa.

Kuchokera ku Paris, sitima yothamanga ya TGV imanyamuka pasiteshoni ya Montparnasse n'kufika ku Bordeaux m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Kuchoka apo pali sitima yaing'ono yodzera ku Bergerac mpaka ku Sarlat, ulendo wa maola awiri ndi theka kapena kuyandikira apo. Ku Bergerac kuli bwalo laling'ono la ndege limene limalandira ndege zochokera ku Britain, makamaka m'chilimwe chawo.

Vuto limayambira ku Sarlat. Midzi ili pamtunda wa makilomita 10 kapena kupitirira pang'ono, koma mabasi ndi apatalipatali, ndipo musayembekezere kuti mukaima pamsewu minibasi itulukira. Anthu ambiri amachita hayala galimoto. Kumbukirani kuti kumeneko galimoto zimayenda kudzanja lamanja, chiwongolero chili kumanzere, giya mukusintha ndi dzanja lamanja. Amene miyendo ikadali yamphamvu amabwereka njinga.

Masiku angati ndi okwanira?

Midzi inayi yoyandikana ija munthu atha kuithamanga tsiku limodzi, koma amabwerako ndi zithunzi basi. Masiku atatu ndi abwinoko: limodzi la pamadzi, lina la malinga, lachitatu la mapanga a ku Vézère. Mukafuna kufika ku Lot onjezerani awiri. Ambiri amagona ku Sarlat chifukwa kuli mahotela ambiri ndi msika wa Lachitatu ndi Loweruka. Tawuniyi siili pamtsinje, koma nyumba zake zakale zinakonzedwanso boma litakhazikitsa lamulo loteteza matawuni akale mu 1962, lomwe limadziwika ndi dzina la nduna André Malraux.

Pakati pa Beynac ndi Castelnaud, ndilowe linga liti?

Malinga awiriwa, amene Afalansa amawatcha château, akuyang'anizana, lina tsidya lino lina tsidya lija. M'nkhondo tatchula ija Beynac anali mbali ya mfumu ya France, pomwe Castelnaud nthawi zambiri anali m'manja mwa Angelezi, kufikira mu 1442 pamene asilikali a mfumu ya France anamuzinga n'kumulanda. Nkhondoyo isanayambe n'komwe malingawa anali ataona kale zambiri. Richard, mfumu ya England yomwe ankaitcha Mtima wa Mkango, analanda Beynac kumapeto kwa zaka za m'ma 1100, ndipo mu 1214 Simon de Montfort anagonjetsa malinga onse awiri pa nkhondo yolimbana ndi gulu lachipembedzo la Akatha.

Ngati muli ndi ana, pitani ku Castelnaud. Muli nyumba yosungiramo zida za nkhondo zakale, malupanga, mauta ndi zovala zachitsulo, ndipo pabwalo anaimikapo makina akuluakulu amatabwa oponyera miyala otchedwa trébuchet. Beynac ndi wouma, zipinda zake zilibe zambiri, makoma okhaokha. Ife timakonda yemweyo. Ukakwera kanjira kamiyala kochokera kumtsinje, mpweya uli wefuwefu, n'kukaima pamwamba pa thanthwe lotalika mamita pafupifupi 150, umamvetsa chifukwa chake bwato silikanadutsa pansipo mozemba.

Ndinamva kuti ku La Roque-Gageac kumamera nthochi. N'zoona?

N'zoona. Mudziwu ndi mzere wa nyumba zopanikizika pakati pa mtsinje ndi thanthwe lalitali loyang'ana kummwera. Masana thanthwelo limamwa dzuwa, usiku n'kumatulutsa kutenthako, ndiye pamalopo pamafunda kuposa pena ponse m'chigwamo. Pafupi ndi tchalitchi pali kamunda ka nthochi, migwalangwa, nsungwi ndi zomera zina za kumaiko otentha. Alendo a ku Ulaya amaima pamenepo n'kumajambula modabwa. Amene munakulira pafupi ndi dimba mudzangoseka, chifukwa nthochi zake n'zoonerera, si zakuti mungadulepo mkoko wopita nawo kumsika.

Thanthwe lomwelo lili ndi mbiri yowawa. Mu Januwale 1957 chimwala chachikulu chinagumuka n'kugwera nyumba, anthu atatu n'kumwalira. Malo amene chinachokera amaonekabe, ndipo mukayang'anitsitsa mudzaona mawaya ndi zitsulo zimene anamangira thanthwelo. Pamwamba pa nyumba, m'kati mwa thanthwe, muli linga lakale logoba m'mwala, lofikako pamasitepe ambiri.

Pafupi pomwepo pali munda wa Marqueyssac, wa timitengo pafupifupi 150,000 tosadzidwa ndi manja mozunguza ngati mitu ya nkhosa. Kumapeto kwa njira yake kuli poonera pamene La Roque-Gageac yense amaoneka pansi panu.

Mabwato amene amanyamula alendo aja ndi akale enieni?

Ayi, ndi opangidwa motsanzira akale, ndipo ali ndi injini. Dzina lake ndi gabarre, mabwato a pansi pophwathalala oyenda ngakhale pamadzi osaya. Enieniwo anali a katundu. Potsika mtsinje ankanyamula matabwa opangira migolo ya vinyo, mitengo yochirikizira mphesa, tchizi ndi vinyo, kupita ku Libourne ndi ku Bordeaux. Pokwera ankabwera ndi mchere ndi nsomba zouma, akukokedwa ndi ng'ombe kapena anthu oyenda m'mphepete.

Nkhani yochititsa chidwi ndi ya amalinyero a kumtunda kwenikweni, cha ku Argentat. Kumeneko madzi ndi othamanga moti bwato likatsika silikanabwereranso. Ndiye ankapanga bwato la ulendo umodzi, n'kudikira madzi akwere. Akafika kumunsi ankagulitsa katundu, bwatolo n'kuliphwasula, matabwa ake n'kugulitsanso, iwo n'kubwerera kwawo wapansi ulendo wa masiku angapo. Malonda onsewa anafa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, njanji itafika m'chigwamo, pa nthawi yomwenso kachilombo ka phylloxera kanawononga minda ya mphesa.

Ulendo wa lero umatenga pafupifupi ola limodzi, kunyamuka ku La Roque-Gageac kapena ku Beynac. Musauderere poganiza kuti ndi wa alendo aulesi. Midziyi inamangidwa kuyang'ana kumadzi, ndipo nkhope yake yeniyeni imaonekera m'bwato, pomwe wa pagalimoto amangoona zipupa zikudutsa.

Ndingapalase ndekha? Nanga kusambira?

Mungathe. Pali malo ambiri obwereketsa timabwato ta anthu awiri kapena atatu, pamodzi ndi nkhafi, jekete yoyandamitsa ndi kachigubu kotsekeka kosungiramo foni. Mumatsika ndi madzi, eni bwato n'kudzakutengani pa galimoto kumunsi. Njira yokondedwa ndi yochokera cha ku Vitrac mpaka ku Beynac, ya theka la tsiku, ndipo imadutsa pansi pa Domme, La Roque-Gageac ndi Castelnaud. Amafuna kuti aliyense akhale wodziwa kusambira.

Funso limene anthu akwathu amafunsa motsitsa mawu tiliyankhiretu: mulibe ng'ona, mulibe mvuu. Chosamala nacho ndi mphamvu ya madzi, chifukwa pamwamba amaoneka odekha koma pansi akukoka. Kumtunda kulinso madamu amagetsi, monga la Bort-les-Orgues, ndipo akatsegula madzi amatha kukwera. Ku Limeuil, pokumanira mitsinje iwiri, pali gombe la timiyala pomwe mabanja amakonda kusambira.

Domme akusiyana bwanji ndi midzi inayo?

Inayo inakula yokha pang'onopang'ono, koma Domme anachita kulinganizidwa. Mfumu Philippe III inamukhazikitsa mu 1281 ngati mudzi wa mpanda, mtundu umene amautcha bastide, wa misewu yowongoka ndi bwalo la msika pakati. Ali pamwamba pa phiri, ndipo kumapeto kwa bwalo kuli khonde loonerapo chigwa chonse.

Pachipata chotchedwa Porte des Tours anatsekeramo ankhondo achipembedzo a gulu la Templar, amene mfumu ina, Philippe IV, inalamula kuti amangidwe mu 1307, ndipo pamakoma pali mitanda ndi zithunzi zozokota zimene anthu amati ndi zawo. Eni mudzi ankakhulupirira kuti mbali ya kuthanthwe palibe mdani angakwereko, choncho sankailondera kwenikweni. Mu 1588, pa nkhondo za Akatolika ndi Apulotesitanti, Geoffroy de Vivans, mkulu wa asilikali a Apulotesitanti, ndi anyamata ake anakwera mbali yomweyo usiku n'kulanda mudzi. Pansi pa nyumba ya msika pali khomo lolowera kuphanga lalikulu.

Mapanga a zojambula zakale aja ali kufupi?

Ali kumpoto pang'ono, m'chigwa cha Vézère, chimene bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1979. Ku Les Eyzies n'kumene mu 1868 anapeza mafupa a anthu akale amene anapatsidwa dzina la malowo, Cro-Magnon. Phanga la Lascaux, pafupi ndi Montignac, analitulukira anyamata anayi mu Seputembala 1940. Mpweya wa alendo unayamba kuwononga zithunzi za akavalo ndi ng'ombe zamtchire, ndiye mu 1963 analitseka. Limene mumalowa lero ndi lofanizira, lotsegulidwa mu 2016, ndipo analipanga mwaluso moti ambiri amaiwala kuti si lenileni.

Ofuna zojambula zenizeni apite ku Font-de-Gaume, ku Les Eyzies komweko. Amalowetsa anthu ochepa patsiku, choncho tikiti muigule pa intaneti nthawi ikadalipo. Pakati pa Montignac ndi Les Eyzies pali mudzi wa Saint-Léon-sur-Vézère, wabata, wa tchalitchi chakale m'mphepete mwa madzi, woyenera kupumirapo masana.

Kodi Saint-Cirq-Lapopie ndi woyenera ulendo wapadera?

Inde, ngati muli ndi tsiku lathunthu. Mudziwu wakhala pathanthwe lotalika mamita pafupifupi 100 pamwamba pa Lot, kummawa kwa tawuni ya Cahors. Kale unkadziwika ndi amisiri osema mipopi yamatabwa ya migolo ya vinyo. Mlakatuli André Breton anali ndi nyumba kumeneko m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2012 oonera wailesi yakanema ku France anauvotera kukhala mudzi wawo wapamtima. Chiyambire pamenepo khamu silitha.

Njira yabwino yofikira ndi wapansi kuchokera ku Bouziès. Pamalo ena thanthwe limatsika mpaka m'madzi osasiya popondapo, ndiye m'zaka za m'ma 1800 anthu anagoba njira m'thanthwemo kuti okoka mabwato azidutsa. Mumayenda mwala uli pamutu, mtsinje uli pambali.

Josephine Baker akukhudzana bwanji ndi dera limeneli?

Mayi wakuda ameneyu, wovina ndi kuimba, anabadwira ku St. Louis m'dziko la America ndipo anatchuka ku Paris. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anathandiza gulu lolimbana ndi Ajeremani mobisa. Mu 1947 anagula Château des Milandes, pafupi ndi Castelnaud, n'kuleramo ana 12 ochokera m'maiko osiyanasiyana pofuna kuonetsa kuti mitundu ingathe kukhala banja limodzi. Ngongole zinamupanikiza ndipo nyumbayo inagulitsidwa mu 1968. Mu 2021 dziko la France linamulemekeza ku Panthéon, malo a anthu ake otchuka. Nyumbayo ndi yotsegula kwa alendo, ndipo muli zovala zake ndi zithunzi.

Kumadyedwa chiyani?

Bakha, kenako bakhanso. Confit ndi ntchafu ya bakha yophikidwa pang'onopang'ono m'mafuta ake omwe, ndipo imabwera ndi mbatatesi yokazinga m'mafuta a bakha ndi adyo. Foie gras ndi chiwindi cha bakha kapena tsekwe wonenepetsedwa mokakamiza. Ena amachikana chifukwa cha mmene mbalamezo zimadyetsedwera, ndipo palibe angakudabweni mukachilumpha. Palinso mtedza wa m'mitengo wotchedwa noix, umene amayenga mafuta ndi kuphikira makeke, tchizi ting'onoting'ono ta mkaka wa mbuzi ta ku Rocamadour, ndi vinyo wa ku Bergerac, Monbazillac ndi Cahors. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale ndi nyengo ya truffe, bowa wakuda womera pansi pa nthaka amene amafufuzidwa ndi agalu, wokwera mtengo kwabasi.

Mudzaona minda ya chimanga chobiriwira m'chigwa monse, koma musayembekezere nsima: chambiri ndi cha abakha ndi ziweto. Mudzaonanso zisakasa zazitali zamatabwa akuda, zokhala ndi timazenera totsegula m'mbali. Ndi zigafa. Derali linkalima fodya kwambiri, ndipo ku Bergerac kuli nyumba yosungiramo mbiri ya fodya.

Chakudya chamasana ndi kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko. Mukachedwa, khitchini yatseka mpaka madzulo.

Ndili ku Paris ndipo ndili ndi tsiku limodzi lokha. Pali mudzi wapafupi?

Dordogne musayese, ndi kutali. Pitani ku Seine. La Roche-Guyon ali ndi linga lotsamira pathanthwe loyera, limene mu 1944 linali likulu la mkulu wa asilikali a Germany, Erwin Rommel. Pafupi pake pali Giverny, kumene wojambula Claude Monet anakhala kuyambira 1883 mpaka imfa yake mu 1926. Sitima yake mumatsikira ku Vernon. Kumunsi, ku Les Andelys, kuli mabwinja a Château Gaillard, amene Richard uja anamanga pakati pa 1196 ndi 1198.

Mukakhala ndi masiku awiri, ku Loire kuli Montsoreau ndi Candes-Saint-Martin, midzi yogundizana pamene Vienne amathira mu Loire. Martin Woyera, bishopu wa mzinda wa Tours, anamwalirira ku Candes m'chaka cha 397.

Sindidziwa Chifalansa. Ndivutika?

Osati kwenikweni, chifukwa ku Dordogne kumakhala Angelezi ambiri ndipo ogwira ntchito za alendo amamva Chingelezi. Chimene sachikhululuka ndi kulowa m'sitolo osapereka moni. Nenani "bonjour" musanafunse kanthu, potuluka "merci, au revoir". Kwa ife amene tinaphunzitsidwa kulonjera tisanapemphe madzi, izi si zachilendo.

Kumbukiraninso kuti m'nyumba zokongolazo mukukhala anthu. Kusuzumira pazenera kapena kukhala pakhonde la eni kuti mujambulitse amadana nako.

Ndikupita ndi amayi okalamba amene mawondo amawavuta. Atha kuyenda?

Sankhani bwino malo. Ku Beynac musawakweze kanjira kamiyala kaja. Pali msewu wozungulira wofika pooimika galimoto pafupi ndi linga. Domme ndi wosavuta mukangofika pamwamba, ndipo m'nyengo ya alendo pamakhala kasitima ka matayala kochokera pooimika galimoto. Ku La Roque-Gageac msewu wa m'mphepete mwa mtsinje ndi wosalala, ndipo gabarre amakwerera pomwepo. Saint-Cirq-Lapopie ndi Castelnaud ndi zitunda zokhazokha. Miyala ya m'tinjirati inasalala ndi mapazi a zaka mazanamazana ndipo mvula ikagwa imaterera, choncho nsapato zikhale zogwira pansi, ndodo yawo asaisiye kuhotela.